Kwathu Phiri, Kuno Fisi

16 Okutobala 2021

Linali Loweruka, nthawi itangokwana leveni koloko m'mawa, pamene ndinadzuka pa matiresi a namfedwa n'kulankhula pa maliro a bambo anu. Lachiwiri lake ntchito yanga ya zaka makumi awiri inali itatha. Iwe Chisomo unali kuseri kwa nyumba kuthandiza ophika, ndipo Gireyisi ankaonera pa foni ali ku Lilongwe, choncho nonse munangomva kuti amayi achita zachilendo. Ena anakuuzani kuti chinali chisoni, mutu wanga sunali bwino. Mutu unali bwino. Ndikulemba izi kuti mudziwe kumene zinachokera. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, zolakwika mukonza nokha.

2001, ku boma

Ndinabwera ku Joni mu 1997 kutsatira bambo anu, a Layisoni Phiri. Iwo anali atasiya za mgodi n'kuyamba kusamalira maluwa m'nyumba za azungu ku Alberton. Tinkakhala ku Makause, m'kachisakasa ka malata kamene kuno amati mkhukhu. Mapepala athu anali abwino, chifukwa anthu akale a m'migodi anapatsidwa chilolezo chokhala m'dziko lino, ndipo ine ndinalowera pa dzina lawo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa pambuyo pake anthu analankhula zambiri.

Mu 2001 ndinamva kutchalitchi kuti kampani ina yosesa m'maofesi a khonsolo ikulemba amayi. Ndinapita ku Germiston, kumene kumakhala meya ndi makhansala. Amalawife tinkangoti ku boma, monga timanenera kwathu ku Ntcheu, chifukwa kulikonse kumene anthu amadikira pa benchi kuti aonane ndi bwana ndi ku boma basi. Kapitawo wa kampani anayang'ana khadi langa, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Phiri. O Mosotho, Mme?" Sindinamve kanthu. Koma kwathu munthu wamkulu akakufunsa sumuuza kuti abwereze, umavomera kaye, zina uzimvera kutsogolo. Ndinati, "Ee." Ndinalembedwa ntchito tsiku lomwelo.

Madzulo nditawafotokozera bambo anu, anaseka mpaka chifuwa chawo cha kumgodi chija chinawagwira. "Amake Chisomo, mwavomera kuti ndinu Msutu," anatero. "Kuno Phiri ndi dzina lawonso. Kungoti m'chinenero chawo phiri ndi fisi. Ine kwathu ndine phiri, kuno ndine fisi." Ndinafunsa ngati ndikakonze mawa lake. Iwo anati, "Zisiyeni choncho. Fisi anthu samufunsa kwawo." Sindinanamize munthu. Anandifunsa kamodzi, ndinayankha osamva, ndipo pa zaka makumi awiri palibe bwana amene anandifunsanso za kwathu, funso lawo linali loti kodi tiyi wapsa.

Amene anandizindikira sabata yoyamba anali Dikeledi, mnzanga wosesa naye, Msutu weniweni wa ku Etwatwa. Anandipeza ndikuchapa mopu n'kunena kuti, "Iwe Phiri, ndiwe Msutu wa kuti wosatha kupereka moni?" Iye anatseka chitseko. "Tamvera. Wina akafunsa uziti ndiwe wa kumpoto kwenikweni, kumalire, kumene amalankhula ngati ali ndi phala lotentha m'kamwa. Ndipo uleke kugwada popereka tiyi. Meya si apongozi ako." Kugwada ndinaleka. Chizulu ndinachiphunzira msanga chifukwa chimafanana ndi cha agogo athu achingoni, koma Chisutu mpaka lero chimandikana.

Ku boma ndinaonako zambiri. Tsiku la msonkhano wa khonsolo magalimoto ankadzaza pabwalo, meya atavala mkanjo ndi unyolo wagolide pakhosi. M'chipinda chachikulu makhansala a zipani zosiyana ankalozana zala, kumenya matebulo, ena kutuluka akuimba. Nthawi ya nkhomaliro omwewo ndinkawapeza akugawana nkhuku mbale imodzi, akufunsana za ana. Kunja kwa geti kunkakhala anthu a m'mikhukhu atanyamula zikwangwani, akufuna madzi ndi zimbudzi. Nthawi zina ndinkaona pa windo anansi anga a ku Makause, ine ndili m'kati ndi thireyi ya makapu. Madzulo tinkakumana pa mzere wa pa mpopi, iwo mawu atasasa, ine miyendo itatupa, madzi akutuluka mofanana ndi dzulo.

2006, ofesi ya wodi

Chitatha chisankho cha chaka chimenecho, kampani inatisamutsa ine ndi Dikeledi kupita ku ofesi ina ya wodi. Sinditchula dzina lake. Inali ndi zipinda zitatu ndi holo ya misonkhano. Khansala wathu woyamba tinkawatchula kuti a Kusasa, kutanthauza mawa, chifukwa ndilo linali yankho lawo pa chilichonse. Mpope waphulika, kusasa. Magetsi a mumsewu, kusasa. Mayi wadikira nyumba kuyambira ali ndi mimba mpaka mwana wayamba sukulu, kusasa. Sanali munthu woipa mtima. Ankandipatsa moni, ankafunsa za mabondo anga. Koma anthu akachuluka pa benchi ankatulukira chitseko chakumbuyo, kudutsa m'kachipinda kanga ka matsache, n'kulumpha ndowa. "Mme Phiri, sunandione," ankatero. Ine ndinkabwerera kutsogolo kukasesa pansi pa mapazi a anthu omwe anadzuka m'mamawa kudzawadikira.

Zosowa zinali za tsiku ndi tsiku. Sopo wa pansi ankabwera mwezi uno, mwezi wamawa ayi, ndiye tinkamuthira madzi mpaka ankangotsala fungo. Mapepala a kuchimbudzi ankakhala m'kabati ya mlembi, anthu wamba ankapatsidwa nyuzi. Shuga ankaoneka pokhapokha kukabwera alendo ochokera ku boma. Madzi akasiya, ine ndi Dikeledi tinkakatunga kwa amayi ena kuseri kwa mpanda, kuti chimbudzi cha ofesi yoyang'anira madzi chisanunkhe. Koma chisankho chikayandikira zonse zinkapezeka. Kunkabwera malaya a chipani m'makatoni, mapaketi a ufa ndi mafuta, ngakhale utoto wopaka khoma la kumsewu. Khoma lakumbuyo silinapakidwepo utoto zaka zonse zimene ndinakhalako.

2008

Za mwezi wa Meyi chaka chimenecho, pamene anthu a kuno anaukira obwera, mukuzikumbukira nokha, munali mutakula. Mkhukhu wathu unaphwasulidwa, malata anatengedwa. Bambo anu anabisala kwa abwana awo ku Alberton, inu awiri Dikeledi anakutengerani kwawo ku Etwatwa n'kumauza anansi kuti ndinu ana a mchemwali wake. Ine ndinkapitabe kuntchito. Holo yathu inadzaza anthu othawa, a ku Mozambiki, a ku Zimbabwe, ndi akwathu. Ndinkawagawira tiyi ndi buledi. Mayi wina wa ku Dedza anali ndi khanda lotentha thupi, akulephera kufotokozera anamwino. Ndinamukokera ku mpopi kuseri n'kumufunsa m'Chichewa kuti mwana wayamba liti. Anandiyang'ana yunifolomu, n'kundiyang'ana nkhope, n'kuyamba kulira. Ndinati, "Musalire, ndipo muholomo simukundidziwa." Kutsogolo a Kusasa ankauza atolankhani kuti zonse zikhala bwino. Sanatchule tsiku, koma ife tinalidziwa.

Zitazizira sitinabwererenso ku Makause. Dikeledi anatipezera malo pafupi ndi kwawo, ndipo ndi mmene tinakhalira anthu a ku Etwatwa. Anansi a kumeneko ankadziwa kuti ndife Amalawi, sizinkawavuta. Ofesi inali kutali, mateksi awiri, ndipo nkhani za kunyumba sizinkafikako.

2016, a Vusi

A Vusi ndinawadziwa asanakhale khansala. Ankatsogolera zionetsero, kuotcha matayala pa geti lathu, ndipo magalasi a mawindo amene gulu lawo linaswa ndinasesa ndine. Mu 2016 anapambana chisankho n'kulowa mu ofesi momwemo atavala jekete. Tsiku loyamba anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mama wethu," anatero, "masiku anu ovutika atha. Osesa nonse muchoka m'manja mwa kampani, mulembedwa ndi khonsolo yeniyeni, mudzapume ndi penshoni." Dikeledi anandinong'oneza kuti, "Awa ndi a Kusasa ovala nsapato zosongoka." Komabe ine ndinakhulupirira pang'ono. Munthu ukamakalamba umafuna chokhulupirira.

Zaka zisanu zinadutsa, mpopi wa kuseri kwa ofesi ukudontha momwemo, nyumba zosamangidwa, ife tili m'manja mwa kampani. Pofika 2021 chisankho china chinayandikira, ndipo a Vusi analibe choonetsa anthu. Ndi pamene anayamba nyimbo ya alendo. Pa msonkhano uliwonse ankati ntchito zatha chifukwa cha obwera, chipatala chadzaza chifukwa cha obwera. Mipando ya misonkhano imeneyo ndinkayala ndine, n'kuipukuta, n'kudzaisanjanso anthu akapita. Tsiku lina ndikudutsa ndi ketulo, anandiloza pamaso pa holo yonse. "Taonani mayi awa, Mme Phiri. Zaka makumi awiri akusesa m'maofesi athu, mwana wa nthaka ino, alibe kanthu. Pamene makwerekwere akudya." Makwerekwere ndi dzina lonyozera obwera ngati ife. Anthu anaomba m'manja. Amayi ena anandisisita pamsana. Ndinaima pomwepo ketulo ikundiotcha dzanja, ndipo Dikeledi anali pakhomo akuyang'ana denga.

Nditawauza bambo anu, ulendo uno sanaseke. Anali atagona kale, chifuwa chitawamaliza, thupi litatsala mafupa. Anati, "Amake Chisomo, ine musavutike kunditumiza kumudzi. Mundiike konkuno, kumene mungamabwere kudzandiona. Koma pa mwambo mudzatchule kwathu. Mudzi, mfumu, boma, zonse, anthu amve. Ndakhala fisi zaka zambiri. Ndisapite ngati fisi." Ndinati ndamva. Anamwalira patapita milungu itatu.

Sabata ya maliro

Inu ana obadwira m'matauni mwina simudziwa kulemera kwa zimenezi. Kwathu munthu saikidwa asanatchulidwe kumene anachokera. Wowerenga mbiri amayamba ndi mudzi, mfumu yake ndi boma lake, kenako ndiye ntchito ndi ana. Wopanda mudzi ndi mtembo wotoledwa pamsewu.

Lachinayi kunafika lole ya ku ofesi ndi tenti yaikulu ndi mipando, mipando yomwe ija ndinkapukuta. Woyendetsa anati khansala abwera okha Loweruka kudzalankhula. Chisankho chinali chitatsala milungu iwiri. Lachisanu masana Dikeledi anabwera n'kukhala pafupi ndi matiresi anga, pamodzi ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu amene anasankhidwa kuwerenga mbiri.

"Phiri, tamvera," anatero Dikeledi. "Munthuyu abwera ndi anyamata ake ojambula. Alankhula, ajambulitsa, azipita. Kumanda safika, amaopa fumbi pa nsapato. Tagwirizana ndi abambowa kuti pa nyumba pano mwambo ukhale m'Chizulu, pakuti anansi ndi ambiri. Za kumudzi akatchulire kumanda."

A Mbewe anati, "Mayi, si kukana malemu ayi. N'kungosuntha mawu pang'ono. Mwatsala zaka ziwiri kuti mufike pa msinkhu wa penshoni ya okalamba. Pakati apa mudya chiyani?"

Ndinati, "Malemu anati anthu amve."

"Kumanda kulinso anthu," anatero Dikeledi. "Ola limodzi lokha, Phiri. Wapirira zaka makumi awiri, ungalephere ola limodzi?"

Ndinati, "Ndamva." Iwo anatenga ngati ndavomera. Inenso sindinkadziwa chimene ndichite.

Loweruka a Vusi anafika mochedwa ndi magalimoto awiri. Anandigwira dzanja, anyamata awo akujambula. Analankhula nthawi yaitali za munthu amene sanamuonepo. Anati Ntate Phiri, ndiye kuti Bambo Phiri m'Chisutu, anali mwana wa nthaka ino, anakumba golide wa dziko lake n'kufa wosauka pamene alendo akulemera. Atakhala pansi, a Mbewe anaimirira ndi mbiri. Anati malemu anabadwa mu 1955, anagwira ntchito ku mgodi, kenako ku Alberton, asiya mkazi ndi ana awiri. Pamalo pa mudzi anangotsokomola n'kupitirira. Ndinayang'ana bokosi. Ndinaganiza za munthu amene ankasunga njere za mpiru wa ku Ntcheu m'kabotolo n'kumadzala kuseri kwa maluwa a azungu, amene Lamlungu lililonse ankafunsa obwera kumene ngati mvula yagwa kumudzi. Ameneyo ndiye ankatuluka pa geti lake komaliza ndi dzina la fisi, kuti mnyamata woswa mawindo apeze mavoti.

Namfedwa salankhula pa maliro, kwathu ngakhale kuno. Nditayamba kudzuka, mayi Nambewe a Mvano anandikoka bulangete n'kunong'oneza kuti, "Mayi, khalani pansi, n'chiyani kodi?" Ndinawachotsa dzanja. Maiki sindinaifune. Ndinati, "Pepani a Mbewe, mwadumpha mzere. Amene agona apawa ndi a Layisoni Phiri, a m'mudzi mwa Chimwala, boma la Ntcheu, dziko la Malawi. Phiri wa kwathu, osati wa kuno." Ndinatchulanso mfumu yathu yaikulu. Kenako ndinabwereza zonsezo m'Chizulu, pang'onopang'ono, n'kuwonjeza kuti nanenso ndine wa komweko. Ndinakhala pansi.

Mafoni amene ankaloza khansala anali atatembenukira kwa ine, kenako anabwereranso kwa iwo. Mayi Nambewe, omwe aja ankandikoka, ndiwo anayambitsa nyimbo ya Chichewa, ndipo amayi a Mvano anailandira ndi mphamvu ngati anali ataimanga pakhosi kuyambira m'mawa. Nyimbo isanathe a Vusi anali atanyamuka. Pobwera kumanda, anthu akusamba m'manja pa geti, tinapeza lole ija itafika kale, akuzula tenti. Okalamba anadyera chakudya cha maliro ataima padzuwa, mipando ikukwezedwa.

Zotsatira zake

Lachiwiri kapitawo wa kampani anaimba foni. Anapepesa za maliro, kenako anati ofesi yapempha munthu wina, ndipo malo ena palibe pakali pano. Ndinafunsa ngati ndinalakwitsa ntchito. Anati ayi. Ndinafunsa ngati mapepala anga ali ndi vuto. Anati ayi, akudziwa kuti ndi abwino, akhala nawo kuyambira kale. Kanema wa pa maliro anali atazungulira m'mafoni, a zipani zina akuseka kuti wothamangitsa alendo wamwa tiyi wa mlendo zaka zisanu. A Vusi anauza anthu kuti ananamizidwa ndi mayi wachinyengo. Chisankho anapambanabe.

Masiku a kulira atatha ndinavala zakuda zanga n'kupita ku boma kukadandaula. Ndinakhala pa benchi ya pansanjika yomwe ndinayambira ntchito. Pansi panali posakolopa bwino, m'makona muli fumbi. Mtsikana wa pa windo anati nkhaniyo ndi ya kampani, khonsolo sinandilembepo ntchito. Ku kampani anati nkhaniyo ndi ya ofesi, iwo amangotumiza amene wafunidwa. Nditabwerera ku boma anati woyenera kundimva watuluka, ndibwere mawa. Ndinaseka ndekha pa benchipo. Ndinkadziwa chitseko chimene watulukira.

Dikeledi anandibweretsera kapu yanga, masilipasi ndi juzi mu jumbo. Ndiko kutsanzikana kumene ndinalandira. Amayi ena akamapuma tinkawagulira bulangete ndi keke, khansala n'kunena mawu. Dikeledi anaponya jumboyo pa tebulo ali wokwiya.

"A Vusi anandiitana, akuti iwe unkadziwa," anatero. "Ndinati ine anandiuza kuti ndi wa kumpoto. Nanga Malawi ali kummwera?" Kenako anandiyang'ana. "Ola limodzi, Phiri. Mutu wako ndi mwala."

Ndinati, "Kumanda kukanamva anthu odziwa kale. Amene ankayenera kumva ndi amene amachoka msanga."

"Ndiye khansalayo wamva. Wapindula chiyani?"

Chopindula panalibedi. Zaka ziwiri zija zinali zowawa, Chisomo ukudziwa, unkandigawira zako zochepazo. Sindikuuzani kuti chilungamo chinabwera pambuyo pake. A Vusi ali ndi galimoto yatsopano. Mpopi wa kuseri kwa ofesi ukudonthabe, Dikeledi amandiuza. Amene analowa m'malo mwanga ndi mdzukulu wa mlembi wa chipani, ndipo naye ali m'manja mwa kampani, akudikira kusasa. Zaka makumi awiri ndinatsuka makapu a anthu amene sanafune kudziwa kuti ndine yani, ndipo tsiku limene anadziwa anatumiza lole kudzatenga mipando. Ndikanati ndibwerere pa matiresi paja, ndikanadzukanso. Koma musaganize kuti sizipweteka.

Lero

Penshoni ya okalamba ndinayamba kulandira. Pa mwala wa bambo anu tinalembapo mudzi ndi boma, ndipo Loweruka loyamba la mwezi ndimapita kukazula udzu. Masiku ena onse ndimadzuka m'mawa kukazinga, n'kukaika tebulo langa pa siteji ya mateksi ku Etwatwa. Ogula amati ndiwapatse magwinya. Ine ndimawauza kuti awa ndi mandasi, ndipo ndimawakulungira.